Ukafunsa Ana a ku Chipoka, Yambira kwa Wamng'ono

Maganga,
Lachisanu masana.

Esinati mwana wanga,

Ana aweruka kale, ine ndatsala m'kalasi muno ndi cholembera m'manja. Amayi ako akuyesa kuti ndikukonza ntchito ya Lolemba, koma zoona zake n'zakuti mtima ukukana kukhala pansi. Njinga ndaipopa kawiri m'mawa uno ngakhale matayala anali olimba kale. Aliyense amene ndakumana naye m'njira ndamuuza kuti mawa ndikuperekeza mphunzitsi ku siteshoni ya Salima. Akafunsa kuti mphunzitsi wake uti, ndikuyamba ndakhosomola kaye, kenaka n'kunena kuti, "Mwana wanga wamkazi uja. Akukatenga Sitandade 1 ku Chipoka." Che Bwanali, mwalimu wa pa mzikiti, angondiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, munandiuza dzulo, munandiuzanso dzana. Kodi sitimayo mwagula ndinu?"

Ndasankha kulemba chifukwa umandidziwa. Ndikayamba kufotokoza ndi pakamwa, wofunsa amafika poiwala chimene anafunsa. Pepala lokha ndi limene limandiletsa, poti limatha. Ukaliwerenge m'sitima ukapeza pokhala.

Amayi ako andiuza zimene unanena Lachiwiri, utatha kuyesera kuphunzitsa m'kalasi mwanga. Usawakwiyire, ndinachita kuwaumiriza. Akuti unakhala kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti, "Amayi, ntchito iyi ine sindingaithe. Ndafunsa mafunso asanu, ana onse angondiyang'ana duu. Zikakachitikanso ku Chipoka, sindidikira kuti woyendera sukulu adzandichotse. Ndidzabwerako ndekha." Ndiye nkhani yake ndi imeneyi. Woyendera sukulu adzafika teremu ino isanathe kudzaona ngati mkazi angagwire kalasi ya anyamata a kunyanja. Iyeyo sakundidetsa nkhawa. Nkhawa yanga ndi yakuti ungadzichotse wekha iye asanafike, chifukwa cha chete wa ana amene sunamumvetse. Chete wa m'kalasi ali ndi mitundu yake, mwana wanga, ndipo mtundu uliwonse ine ndinaudziwa nditalakwitsa kaye. Tamvera.

Chaka changa choyamba pano ndinali ndi kalasi yaphokoso, ndipo ndinkadziyesa katswiri. Ndinkaloza pa bolodi ndi kandodo, ana onse pamodzi n'kumayankha kuti ma, me, mi, mo, mu. Mawu awo ankafika mpaka kudambo, moti amayi opalira mpunga ankayimba nawo. Ambiri mwa anawo ankapitanso ku madrasa, kumene khutu limazolowera kugwira mawu msanga, choncho chilichonse ndikanena kawiri ankachibweza osaphonya. Tsiku lina kunabwera woyendera sukulu wa nthawi imeneyo, mkulu wofatsa wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anamvetsera mpaka titamaliza, akugwedeza mutu mokhala ngati akukondwa. Kenaka anafufuta bolodi, nalemba zilembo zomwezo mosokoneza, mo patsogolo, ma kumapeto, naloza mwana mmodzi. Mwanayo anati, "Ma." Analoza wachiwiri. Nayenso anati, "Ma." Wachitatu anangoyang'ana zala zake. Titatuluka panja mkuluyo anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kwaya yanu ndi yabwino kwambiri. Nanga sukulu muyamba liti?"

Mawu amenewo anandiwawa sabata yathunthu, koma anandithandiza. Kuyankhira pamodzi n'kwabwino podzutsa ana masana akayamba kusinza, ndipo usakutaye. Koma uziyang'ana milomo yawo. Udzaona kuti oyankha enieni ndi atatu kapena anayi, ena onse akungotsatira m'mbuyo pang'ono ngati anthu ovomereza nyimbo. Ndiye uzichita chonchi. Funsa funso, usatchule dzina. Khala chete, uwerenge mumtima mpaka khumi, maso ako akuyenda m'kalasi monse. Kenaka tchula dzina. Ukayamba ndi dzina, mwana mmodzi ndi amene amaganiza, ena onse amapuma. Ukayamba ndi funso, onse amaganiza, poti palibe akudziwa kuti ligwera yani. Kuwerenga mpaka khumi kumaoneka kwakutali kwa mphunzitsi watsopano, umafuna kudziyankha wekha. Usadziyankhe. Lachiwiri lija unafika pa zitatu basi, ndinkakuwerengera.

Cholakwa china chinali cha nsomba, ndipo ichi ndimaseka nacho mpaka lero. Ukudziwa kuti ine ndine mwana wa kumapiri a ku Dowa. Nsomba ndinkaidziwa itauma kale, ili m'dengu la wamalonda. Tsiku lina ndinajambula nsomba pa bolodi, yaikulu bwino, n'kulemba dzina pansi pake. Kumbuyo kunayamba manong'onong'o. Ndinatembenuka, kunati zii. Ndikayang'ana ku bolodi, ayambanso. Ndinaitana mnyamata wina dzina lake Amadu, mwana wa msodzi, amene miyezi itatu anali asanatulutse liwu m'kalasi, ndodo ili m'manja mwanga.

"Ukuseka chiyani?"

"Sitikuseka, aphunzitsi. Tikungofunsana kuti ndi nsomba yanji."

"Ndi nsomba basi."

Anayang'ana bolodi kanthawi, ngati munthu womvera chisoni. "Mutu wake ndi wa kampango, koma ilibe ndevu. Mchira ndi wa chambo. Imeneyo ikalowa m'madzi imira, aphunzitsi."

Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka. Ndikuuze zoona, dzanja linakwera. Chimene chinalitsitsa sindicho chifundo, koma kuti ndinafuna kudziwa kuti kampango weniweni amaoneka bwanji. Ndinampatsa choko. Amadu anajambula kampango wa ndevu zake, ndipo asanamalize wina anaimirira n'kunena kuti chipsepse chakumsana chabwerera m'mbuyo kwambiri. Wina anapempha choko kuti aonetse mcheni. Wina usipa, wina utaka, wina mlamba, wina ntchila. Aliyense anafuna kuti dzina lilembedwe pansi pa nsomba yake, ndipo anafuna kulemba yekha. Ana amene anakana ba, be, bi kwa miyezi itatu anali kulimbirana kuti ndiwauze chilembo chotsatira. Chitsulo choweruka chinalira, palibe anatuluka. Ndinafika kunyumba zovala zonse zili mbuu ndi choko, ndipo amayi ako anandifunsa ngati ndagwa m'nkhokwe ya ufa.

Ukafika ku Chipoka udzapeza ana odziwa zinthu zimene iwe sudziwa. Amadziwa mphepo ya mwera isanafike, amadziwa kusoka khoka, amadziwa katundu amene amatsika m'sitima ya pamadzi n'kukwera ya pamtunda. Yambira pamenepo. Afunse zinthu zimene ukufunadi kudziwa, chifukwa mwana amazindikira msanga funso la msampha ndi funso la munthu wofuna kumva. Choko usachiumire ngati ndi chako chokha. Chizikhala m'manja mwa ana nthawi yambiri kuposa m'manja mwako. Masamu ogawa akakanika pa sileti, atulutse panja pamchenga, uwapatse timiyala kapena masamba a mango, unene kuti iyi ndi nsomba ya m'khoka, awa ndi anthu asanu ndi mmodzi amene akoka, gawani. Udzadabwa. Mwana amene pa sileti amalemba zosaoneka mutu wake, pamchenga sangalole kuti mnzake amubere ngakhale kamwala kamodzi. Akamaliza, ndi pamene ulembe manambala, n'kumuuza kuti zimene wachita ndi manja zija dzina lake ndi ili. Mphunzitsi wamkulu akadandaula za phokoso, umuitane adzaone. Phokoso la ana okangana za yankho ndi losiyana ndi la ana osowa chochita, ndipo munthu wa ntchito yathu amalidziwa ali panja.

Tsopano cholakwa chimene ndimachita nacho manyazi. Iwe unali kumbuyo kwa amayi ako nthawi imeneyo. Ndinaganiza kuti ana angayankhe kwambiri nditawalonjeza kanthu. Ndinadula mkoko wa nthochi kumunda kwathu, n'kuupachika pakhomo la kalasi, n'kulengeza kuti woyankha bwino adya nthochi pomwepo anzake akuona. Ana a m'midzi yakumtunda anakweza manja onse awiri. Koma ana a kunyanja, amene chiyambire tsiku la nsomba lija anali patsogolo pa chilichonse, anangopinda manja. Ndikatchula dzina, mwana ankaimirira n'kunena kuti, "Sindidziwa, aphunzitsi," pa funso limene dzulo lake analiyankha. Masiku atatu zinali choncho. Ine ndinati ndi mwano, agwirizana kundinyoza, ndipo ndinawatuma kukasesa bwalo dzuwa lili pamutu.

Tsiku lachinayi Che Bwanali anabwera, nakhala pa khonde la sukulu, nandipatsa moni wautali monga amachitira. Atatha kufunsa za mkazi wanga, za mwana ndi za nkhuku, anati, "Aphunzitsi, mwezi uno mwauona?"

"Mwezi uti?"

"Tili mu Ramazani. Ana aakuluwa akufunga, sadya, samwa, mpaka dzuwa lilowe. Ang'onowa akuyesera nawo. Tsono taganizani. Mwana akayankha, mumpatsa nthochi. Akadya, waswa swaumu yake, kusala kudya kuja. Akakana, wanyoza dzanja la aphunzitsi ake. Achite chiyani mwanayo? Wangosankha kukhala chitsiru masiku atatu."

Sanakalipe. Anangoonjeza kuti, "Nthochizo zapsa bwino. Muwapatse akanyamule, akadya madzulo." M'mawa mwake ndinaima patsogolo pa kalasi n'kupepesa, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo mphunzitsi akuchita. Sindinachepe nazo. Kuyambira pamenepo mwezi wa Ramazani ukafika, maphunziro olemetsa ndimawaika m'mawa, masewera othamanga ndimawasiya. Za mphotho ndinalekeratu, poti ndinaonanso kuti nthochi zimangopita kwa ana asanu omwewo. Ndiye mwana wanga, kalasi ikakhala chete mwadzidzidzi, usathamangire kunena kuti ndi mwano, usathamangirenso kunena kuti ndiwe wolephera. Pita ukafunse. Sabata yoyamba yomweyi ukapereke moni kwa mwalimu wa kumeneko ndi kwa amayi a ana ako. Iwowo amadziwa zimene zikutseka pakamwa pa mwana.

Ndafika pa Lachiwiri lija. Cholakwa chake ndi changa, chifukwa ndinadziwa chinthu ndipo sindinakuuze. Ndinachizolowera kwambiri moti ndinaiwala kuti munthu amachita kuphunzira. Unalowa bwino, unalemba bwino, funso lako linali lomveka. Koma unayang'ana m'kalasi n'kusankha Saidi, mnyamata wamtali wa kumbuyo uja, poganiza kuti wamkulu ndiye adziwa. Saidi anayamba sukulu mochedwa, masamu amamuvuta, ndipo wangotuluka kumene ku jando, kumudzi akumutenga ngati munthu wamkulu. Analephera. Ine ndili kumbuyo ndinangogwira mutu, poti ndinadziwa kuti basi, phunziro latha. Unafunsa wachiwiri, wachitatu, onse maso pansi.

Lachitatu ndinakumana ndi Yusufu, mng'ono wake wa Saidi, kamnyamata kaja kokhala kutsogolo kopanda mano awiri. Ndinati, "Yusufu, zisanu ndi ziwiri kuchotsapo zitatu?"

"Zinayi," anatero asanaime n'komwe.

"Nanga dzulo pakamwa panali chiyani?"

"Achimwene anali atalephera kale, aphunzitsi. Ine ndiyankhe kuti ndine ndani? Timagona mphasa imodzi."

Ndinaseka mpaka kutsamira mtengo. Iye anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Koma aphunzitsi aakazi aja abweranso liti? Amalemba zooneka bwino kuposa inu."

Wamva, Esinati? Yankho linalipo m'kalasi monse. Ana aja sanakukane iwe. Anali kusunga ulemu wa mkulu wawo, monga anawaphunzitsira kwawo, ndipo ndi ulemu womwewo umene ife tinakuphunzitsa iwe. Buku la ku koleji silinena zimenezi, poti amene analilemba ankaganiza za kalasi ya ana a msinkhu umodzi. Kalasi yako idzakhala ndi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi mnyamata wa ndevu zoyamba, pabenchi imodzi, ena mimba imodzi.

Ndiye yambira kwa wamng'ono. Ndikubwereza, yambira kwa wamng'ono, uzikwera. Wamng'ono akalephera, wamkulu amukonza, ndipo zimenezo n'zimene zimachitika kunyumba tsiku lililonse, palibe wachita manyazi. Wamng'ono akakhoza, wamkulu sanataye kanthu poti sanafunsidwe, ndiponso yankho walimva. Akuluakuluwo uwapatse udindo. Gawa ana anayianayi, wamkulu akhale wofunsa anzake ndi woyang'ana masileti. Pofuna kuti asachite manyazi pamaso pa ang'ono ake, adzabwera yekha kwa iwe nthawi yopuma kuti umuonetse, ndipo pamenepo ndi pamene adzaphunzire. Wamkulu akalakwa pagulu, umukonze ndiwe, kapena mnzake wa msinkhu wake. Usatume mwana wosavinidwa kukonza wovinidwa, ungayambitse mlandu umene ukathere kumudzi.

Koma chenjera, msinkhu umanamiza. Chaka chatha ndinali ndi kamwana kakang'ono kamene kakalephera, mnyamata wamtali wa pambali pake ankangoti chete. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kamwanako ndi malume ake enieni a mnyamatayo. Choncho Lolemba usafulumire kutsegula buku. Tsiku loyamba likhale lodziwana. Mwana aliyense aime, anene dzina lake, kwawo, ndi abale ake amene ali m'kalasimo, mkulu ndani, mng'ono ndani, msuweni ndani. Funso limenelo palibe mwana angalilephere, ndiye pofika masana aliyense adzakhala atamva liwu lake likumveka m'chipindamo, ndipo kachiwiri sikavuta ngati koyamba. Iwe uzilemba zonse kumapeto kwa kaundula. Ndikamaganiza za m'mawa umenewo ndikumva nsanje, mwana wanga. Kalasi yatsopano, ana amene sanakuzolowere, bolodi losalembedwapo. Ndikanakhala wa msinkhu wako ndikanapita wapansi lero lomwe.

Masiku oipa adzakhalapo ndithu. Padzakhala tsiku limene usipa wagwidwa wambiri, theka la kalasi lili kugombe kukayanika, otsalawo akusinza. Padzakhala tsiku limene udzachita zonse ndanenazi ndipo ana adzangokuyang'ana. Ine zimandichitikirabe. Tsiku lotero uwayimbitse nyimbo, muweruke, mawa uyesenso. Tsiku limodzi lachete silichotsa munthu ntchito. Woyendera sukulu akadzabwera, usasinthe kanthu pofuna kumukondweretsa. Adzapeze ana ali ndi choko m'manja.

Pepala likutha, ndipo chatsala chinthu chimodzi chimene sindingakulangize, poti chinandikanika. Ndi atsikana. Obwera kusukulu ndi ochepa, ndipo obwerawo amakhala kukhoma, nsalu kukamwa, akayankha amayankhira pansi. Ndayesa kuyambira kwa iwo, ndayesa kuwaika paokha, ndayesa nyimbo. Atsikana omwewo ndimawamva kuchitsime akukangana mawu okwera ngati akuluakulu pa mlandu, koma akalowa pakhomo ili mawu amatsala panja. Panopa ndili nawo asanu ndi awiri. Mmodzi, Asiyatu, amalemba yankho lolondola pa sileti, koma ndikamayandikira amalifufuta ndi mkono.

Iwenso unakhala kukhoma komweko zaka zinayi. Masileti ako anali okhoza, mayeso unkapambana, koma ndakhala pano ndikuyesa kukumbukira tsiku limene unakweza dzanja m'kalasi mwanga, ndipo sindikulipeza. Sindinakufunsepo chifukwa chake. Ndinali wotanganidwa ndi kufotokoza. Lero ndikufunsa, ndipo si funso la msampha. Chinkakutseka pakamwa n'chiyani? Ndikanachita chiyani?

Usandiyankhe mawa panjinga, ungangonena zondisangalatsa. Kayese kaye pa atsikana a ku Chipoka. Iwo adzaona munthu wovala ngati iwo ataima pa bolodi, chinthu chimene ine sindingawapatse. Chimene chikagwire ntchito, undilembere mwatsatanetsatane, unawakhazika pati, unafunsa chiyani, anayamba kuyankhula ndani. Ndidzachita monga udzanenere, osawonjezapo nzeru zanga. Zimenezi sizingadziwike m'sabata imodzi kapena ziwiri, zifuna teremu yonse, mwinanso chaka. Ukabwerako msanga, Asiyatu ndi anzake atsala ndi ine ndekha, ndipo waona kale pamene nzeru zanga zathera.

Ndine atate wako,
ndipo kuyambira Lolemba, mphunzitsi mnzako.